Masiku anayi ndikuika nkhope pa Gentoo wanga kuno ku Mulanje

Laputopu yanga ndinaigula ya kaunjika ku Limbe, Core i5 yakalekale, RAM ya 4 GB, batire yosunga moto ola limodzi ndi theka likakhala tsiku labwino. Kwa miyezi iwiri chiikireni Gentoo, mtundu wina wa Linux, pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta ngati Windows, ukaiyatsa inkangobweretsa sikirini yakuda bii ndi timalemba toyera pakona, ikufunsa dzina ndi pasiwedi, basi. Kwa ine zinali bwinobwino, ndinkalemba zanga momwemo, kuwerenga, kuphunzira ma command, mtima uli m'malo. Nde tsiku lina Loweruka mwana wa achemwali anga, amene ali Fomu 3, anabwera ndi kope lake kuti ataipe manotsi a Geography, anatsegula laputopu ija nkukhala chete kaye akuyang'ana, kenako akuti, "Ankolo, kompyuta yanuyi yafa kodi?" Ndinamuuza kuti ayi ili moyo ndithu, iye akuti nanga mausi ali kuti, podina pali pati. Anatseka nkubwerera kwawo ndi kope lake losataipa. Zinandikhudza kwambiri chifukwa pakhomo pathu pano kompyuta ndi imodzi yomweyi, ndipo ine ndinali nditaisandutsa chinthu choti munthu wina aliyense sangachigwire.

Mwina ndifotokoze kaye kuti Gentoo nchiyani, poti ambiri tikamva Linux timaganiza za Ubuntu kapena Mint. Onsewa mtima wawo ndi umodzi, kernel ya Linux imene Linus Torvalds anayamba mu 1991, koma kusiyana kwake kuli pa mmene mapulogalamu amafikira mu kompyuta yako. Ubuntu amakupatsa ufa wogaya kale wa m'paketi, ukangotsegula nkuphika. Gentoo amakupatsa chimanga cha m'nkhokwe, uzikatonola wekha, kukonola, kuviika, kuyanika, kenako kuchigayo, ndipo chigayocho ndi purosesa ya kompyuta yako yomweyo. Chimangacho ndiye source code, malemba amene olemba mapulogalamu analemba ndi manja, kugayako ndiye kukompaila. Anaiyambitsa ndi Daniel Robbins, yoyamba yeniyeni 1.0 inatuluka mu 2002, ndipo dzinalo analitenga kwa mtundu wina wa penguin, mbalame ya m'madera ozizira imene imasambira mwaliwiro kuposa anzake onse. Chimene chimayendetsa zonse ndi Portage, pulogalamu yokoka ndi kuika mapulogalamu ena, ndipo mawu amene uziwalemba kambirimbiri mpaka zala kuzolowera ndi emerge.

Nde wina afunsa kuti nchifukwa chiyani munthu angadzivutitse choncho pamene ufa wa m'paketi ulipo. Aliyense amene anakulira kumudzi akudziwa yankho, ukapita wekha kuchigayo umasankha kuti lero ndikufuna mgaiwa kapena woyera kapena gramil, umadziwa chimene chalowa m'thumba lako. Ku Gentoo kusankhako amakutcha USE flags. Ngati ulibe Bluetooth umalemba -bluetooth ndipo pulogalamu iliyonse imene ikanamangidwa ndi gawo limenelo imamangidwa popanda ilo. Pa makina atsopano a RAM yambiri mwina sungaone kusiyana, koma pa laputopu yotopa ngati yangayi chilichonse chimene sunachiike ndi mpweya wopumira.

Chimene anthu ambiri sadziwa, ndipo inenso ndinachimvetsa bwino nditachita kuika ndekha, nchakuti zimene timaona pa sikirini, mawindo, tizithunzi todina, kamuvi ka mausi, si chinthu chimodzi ayi. Ndi zinthu zingapo zosanjikizana. Pansi penipeni pali kernel ndi dalaivala woyankhula ndi khadi la zithunzi. Pamwamba pake pali Mesa, imene imathandiza mapulogalamu kujambula zithunzi kudzera pa khadilo. Kenako pali chimene chimajambula mawindo nkumamva kiyibodi ndi mausi, apa pali njira ziwiri, X wakale amene anayambira ku MIT mu 1984 ndipo mtundu wake wa X11 ndi wa 1987, ndi Wayland watsopano amene akulowa m'malo mwake pang'onopang'ono. Pamwamba pa zonsezi ndi pamene pamakhala desktop yeniyeniyo, GNOME kapena KDE Plasma kapena Xfce. Mu Windows zonsezi zimabwera zomatidwa pamodzi nde suona msoko, ku Gentoo msoko uliwonse umasoka wekha.

Mtima wanga unkafuna KDE Plasma, sindinama, ndi yokongola ndipo Plasma 6 yomwe inatuluka mu February 2024 ndinaiona pa kompyuta ya mnzanga ku Blantyre ndinasirira. Koma Portage ili ndi khalidwe limodzi limene ndimalikonda kwambiri, ukalemba emerge --pretend --verbose kutsogolo kwa dzina la chimene ukufuna, siyamba ntchito, imangokuonetsa mndandanda wa zonse zimene zibwere ndi kukula kwa zodawuniloda pansi pake. Kwa ife ogula bandulo yowerengera ichi ndi chinthu chachikulu, uli ngati ukufunsa mtengo pa msika wa Chitakale usanatulutse ndalama m'thumba. Mndandanda wa Plasma unali wautali moti ndinatopa kutsitsa, ndipo ndinkadziwa kuti ndikadzawonjeza mapulogalamu ake ena adzakoka qtwebengine, yomwe ndi injini yathunthu ya Chromium, pulogalamu yotsegulira masamba a pa intaneti, chinthu chimene pa laputopu ngati iyi chimatha tsiku lonse ndi usiku wake. Ndinasankha Xfce. Anaiyamba ndi Olivier Fourdan wa ku France mu 1996, ndi yopepuka, siidya RAM, ndipo maonekedwe ake munthu amene anagwirako Windows kusukulu sasochera, menyu pakona, wotchi mbali inayo, foda pa sikirini. Ndinkaganizira mwana uja kwambiri posankhapo.

Ntchito inayamba Lachiwiri madzulo, unali mwezi wa June, chiperoni chitagwira phiri lonse osaoneka ngakhale pang'ono, kamvula kowaza kaja kosaleka. Choyamba ndi kusintha profile, gulu la zosankha zoyambira zimene Gentoo imatsatira. Ukalemba eselect profile list amakupatsa mndandanda, ine ndinali pa wamba wopanda za zithunzi, ndinasamukira pa default/linux/amd64/23.0/desktop. Kusintha kumeneku kumayatsa ma USE flags ambirimbiri nthawi imodzi, X, gtk, dbus, zamawu, zosindikizira, nde zinthu zambiri zimene unakompaila kale ziyenera kukompailidwanso kuti zidziwe kuti tsopano m'nyumba mukubwera mawindo. Kenako ndinatsegula /etc/portage/make.conf nkulemba VIDEO_CARDS="intel" ndi INPUT_DEVICES="libinput". Mizere iwiri yokha koma ndi yofunika zedi, chifukwa ukaisiya amakumangira madalaivala a makadi amene ulibe, nthawi ndi bandulo kupita pachabe. Nditatero ndinalemba emerge --update --deep --newuse @world nkudina Enter.

Apa ndi pamene ndinalakwitsa koyamba. Mu make.conf momwemo muli mzere wa MAKEOPTS umene umauza makina kuti agwire ntchito zingati nthawi imodzi, ine ndinali nditalemba -j4 poti purosesa yanga imaonetsa zinayi. Pa tizinthu ting'onoting'ono zinkayenda, koma itafika pa LLVM, pulogalamu yaikulu kwambiri yothandiza kukompaila yomwe Mesa imaifuna, fani inayamba kulira ngati chigayo cha dizilo, mausi palibe nde sungaone kuti yauma koma kiyibodi inasiya kuyankha, ndipo patatha nthawi panatuluka mawu akuti Killed signal terminated program cc1plus. Ndinakhala ndikuwayang'ana mawuwo, maola atatu atapita m'madzi. Tanthauzo lake nlakuti RAM inadzaza ndipo kernel inapha ntchitoyo kuti makina onse asagwe. Malangizo a Gentoo amanena poyera kuti ntchito imodzi iliyonse uiwerengere pafupifupi 2 GB ya RAM, nde ine wa 4 GB malire anga anali -j2, ndinawerengapo kale mzere umenewu koma ndinaudumpha ndi maso. Ndinatsitsa, ndinakulitsanso swap kuti RAM ikadzaza zina zizitsikira pa disiki, ndipo kuyambira pamenepo sizinachitikenso.

Kutentha nakonso. Laputopu ikamakompaila imatentha moti pansi pake sungaike pa ntchafu. Ndinaitsegula kumbuyo ndi kasikuludalaiva, mu fani munali fumbi lopotana ngati thonje, ndinalichotsa ndi kaburashi ka mano kakale nkuuzira. Kenako ndinaikhazika pa njerwa ziwiri pafupi ndi windo kuti mphepo izidutsa pansi. Apa chiperoni chinandithandiza, kuzizira kumene kumatipangitsa kufunda mabulangete awiri ndi komwe kunkaziziritsa purosesa, ndikanayamba ntchito imeneyi mu October sindikhulupirira kuti ikanatha bwino. Mayi ankadutsa ndi mbaula nkumandifunsa kuti kodi chinthu chakochi chikulirabe, ndinkati eya mayi chikugaya, iwo nkumati nde chigayo chanji chosatulutsa ufa.

Usiku wa Lachitatu magetsi anathima cha m'ma 8 koloko, LLVM ili pakati. Batire inagwira ola limodzi ndi mphindi zochepa, ine ndili pambali ndi tochi ya foni kumangopemphera kuti abwere, sanabwere. Ndinaimitsa ndekha ndi Ctrl ndi C nkuzimitsa bwinobwino isanafe yokha, chifukwa kuzima mwadzidzidzi disiki ikulembedwa nkoopsa kuposa kutaya maola. Mawa lake emerge --resume inapitiriza mndandanda pamene unalekera, zimene zinatha kale sizibwerezedwa, koma pulogalamu imene inadukizidwa pakati imayambiranso pachiyambi. Ichi ndi chinthu chimene aliyense wokhala kuno ayenera kuchidziwa asanayambe, mdani wako si kuchuluka kwa mapaketi, ndiye mapulogalamu amene Portage imaika aja, ang'onoang'ono mazana awiri amatha mmodzimmodzi ndipo magetsi akathima umangotaya mmodzi. Mdani ndi zimphona zochepa zija, LLVM, Rust, GCC, WebKit, Firefox, LibreOffice, zimene zimafuna maola ambiri osadukiza.

Nde apa ndinasintha maganizo pa chinthu china chimene ndinkachikakamira. Poyamba ndinkati ngati ndasankha Gentoo ndekuti chilichonse ndigaye ndekha, kutenga chogaya kale nkubera. Koma a Gentoo eni ake mu December 2023 analengeza kuti ayamba kupereka mapaketi okompaila kale kwa amene akuwafuna, ukaika --getbinpkg Portage imayang'ana ngati pali paketi yomangidwa kale yogwirizana ndi ma USE flags ako, ikapezeka imatenga imeneyo, ikapanda kupezeka imakompaila monga mwa kale. Palinso ena amene dzina lawo limathera ndi -bin kuyambira kale, firefox-bin, libreoffice-bin, rust-bin, ngakhale kernel ili ndi gentoo-kernel-bin. Ine ndinatenga zimphonazo zogaya kale, zing'onozing'ono zonse nkumagaya ndekha. Ndikuona kuti kwa munthu wa ku Mulanje wa laputopu yakale ndi magetsi osadalirika iyi ndiye njira yanzeru, ndipo wina asakunamizeni kuti mwachepa mukatero. Mayi anga omwe amalima chimanga chawo chaka ndi chaka, koma mchere ndi sopo amagula pa golosale.

Za bandulo ndichitepo pang'ono. Ukalemba emerge --fetchonly imangodawuniloda zonse zofunika nkuzisunga mu /var/cache/distfiles osayamba kukompaila. Kwathu kuno netiweki imabwera ndi kupita, makamaka kukachita mitambo, nde ndinanyamula laputopu pa kabaza kupita kwa mnzanga pafupi ndi boma kumene imagwira bwino, ndinakoka zonse pa ola limodzi tikumwa tiyi, nkubwerera kudzagaya kunyumba opanda intaneti. Foda imeneyo ndinaikoperanso pa flash, tsiku lina ndikadzafuna kuyambiranso kapena wina akadzafuna kuika, sitidzagulanso bandulo ya zinthu zomwezo.

Lachinayi masana xorg-server, ndiye X uja, inatha, kenako xfce4-meta, yomwe ndi paketi yongoitana anzake onse a Xfce, xfwm4 woyendetsa mawindo, panel, kamzere kokhala menyu ndi wotchi, Thunar wotsegulira mafoda, ndi zosinthira. Xfce payokha siinachedwe, chodabwitsa nchakuti desktop imene ndinkaifunayo inatenga nthawi yochepa kuposa maziko ake. Ndinalemba exec startxfce4 mu fayilo ya .xinitrc, ndinapuma kaye, nkulemba startx, command yoyatsa X. Sikirini inaphethira kamodzi nkubwerera ku mdima uja ndi mizere ya zolakwika. Mtima unagwa, koma apa ndi pamene Gentoo inali itandiphunzitsa kale kanthu, chinthu chikakana usamangobwereza, pita ukawerenge log, fayilo imene pulogalamu imalembamo zimene zachitika. Ya X ikakhala yoyatsidwa ndi munthu wamba imakhala mu .local/share/xorg/Xorg.0.log, ndipo mizere yofunika ndi imene yayamba ndi EE. Unalipo umodzi wonena kuti Permission denied. Nkhani yake inali yakuti ine ndimagwiritsa ntchito OpenRC osati systemd, awiriwa ndi mapulogalamu odzutsa ena onse makina akamayaka, nde pamafunika elogind, kapulogalamu kamene kamapereka chilolezo kwa munthu amene walowa kuti agwire sikirini, kiyibodi ndi mausi. Kanali kataikidwa kale koma sindinakauze kuti kazidzuka makina akamayaka. Mizere iwiri, rc-update add elogind boot ndi rc-update add dbus default, kenako kuzimitsa nkuyatsanso.

Ndinalembanso startx. Sikirini inada, inakhala choncho masekondi angapo amene anaoneka ngati ola, kenako kamuvi ka mausi kanatulukira pakati, kenako panel pamwamba, kenako chithunzi chakumbuyo cha mbewa ya Xfce. Ndinagwedeza chala pa touchpad kamuvi kaja nkuyenda. Ndaonapo ma desktop ambirimbiri pa moyo wanga koma sindinayambe ndasangalalapo ndi kamuvi ka mausi ngati tsiku limenelo, chifukwa ndinkadziwa njira yonse imene kadutsa, kuchokera pa chala changa, kulowa mu kernel, libinput, X, mpaka pa galasi. Ndinaitana mayi kuti adzaone ufa uja watuluka, anabwera akupukuta m'manja pa chitenje, anayang'ana nkunena kuti oho, tsopano yafanana ndi za anzako.

Koma desktop yoti yangoyaka ndi nyumba yoti yangofoleredwa kumene, mulibe chitseko, mulibe mpando. Lachisanu lonse linathera pa tizinthu timene mu Ubuntu sumadziwa nkomwe kuti tilipo. Mwana uja sangamalembe startx, nde ndinaika LightDM kuti makina akayaka azibweretsa pokongola polembera dzina ndi pasiwedi, ndinalemba dzina lake mu /etc/conf.d/display-manager nkuwonjeza display-manager pa zodzuka zokha. Mawu kunalibe, ndinaika PipeWire ndi kobatanitsa voliyumu pa panel. Wi-Fi ndinkailumikiza ndi ma command, tsopano ndinaika NetworkManager ndi kachizindikiro kake kuti munthu azingodina dzina la hotspot ya foni. Ndinabaya flash kuti ndiyese, palibe chinachitika, Thunar ali duu, mpaka nditaika gvfs ndi thunar-volman ndi kuonetsetsa kuti udisks yayatsidwa, apo ndi pamene flash inayamba kutulukira yokha pambali. Chilichonse mwa izi ndi mphindi makumi awiri kapena atatu zowerenga ndi kuyesa, ndipo sindinatope nazo, chifukwa chilichonse ndinkachiika ndikuona m'maganizo munthu amene adzachigwiritse ntchito, flash ija ndi ya mwana wa sukulu wobwera ndi manotsi, voliyumu ija ndi ya mayi akamamvera kwaya.

Panali kanthu kamodzi kamene kanandikondweretsa mwapadera. Chilembo chathu cha ŵ, chija cha mu Malaŵi, pa kiyibodi palibe, ndipo ambiri tinangosiya kuchilemba. Mu zosinthira kiyibodi za Xfce muli posankha batani la Compose, ine ndinasankha Alt wa kumanja, nde ukadina limenelo, kenako kachizindikiro kokhala ngati denga kamene kali pa 6, kenako w, chimatuluka ŵ bwinobwino. Poyamba m'malo ena chinkaoneka ngati kabokosi chifukwa mafonti anali ochepa, nditaika DejaVu ndi Noto chinakhala bwino paliponse. Wotchi ndinali nditaiika kale pa Africa/Blantyre nde nthawi inali yolondola. Tizinthu tating'ono koma timapangitsa kuti makina aoneke kuti ndi a kuno, osati obwereka.

Sindikunena kuti aliyense athamangire Gentoo. Munthu amene akufuna kutaipa CV mawa m'mawa aike Mint, pa ola limodzi zatheka, ndipo ndi Linux yabwino ndithu. Komanso Gentoo siitha ukaika, sabata iliyonse kapena ziwiri umayenera kulemba emerge --sync nkukonzanso zatsopano, ukaisiya miyezi yambiri imadzakuvuta kumasula mfundo zake, ndipo nthawi zina imakufunsa kuti uyang'ane mafayilo a zosinthira ndi dispatch-conf. Koma kwa achinyamata athu amene akuphunzira za makompyuta, amene ambiri amangoloweza kuti operating system ndi chakuti nkukhoza mayeso asanaonepo mkati mwake, ndikanakonda aliyense atachitako kamodzi kokha. Ine zimene ndinaphunzira masiku anayi amenewa za RAM, za zilolezo, za mmene makina amadzukira, sindinazipeze m'kalasi ina iliyonse. Ndipo sizifuna makina odula, laputopu ya kaunjika yomweyi, njerwa ziwiri ndi kudekha.

Loweruka lotsatira mwana uja anabweranso ndi kope lomwe lija. Ndinali nditamupangira akaunti yakeyake ya dzina lake, yopanda mphamvu za root, zosinthira chilichonse mu makina, kuti asaope kuti aononga kanthu. Anatsegula, LightDM inamulonjera, ndinamuuza kuti asankhe pasiwedi yake ine nditayang'ana kumbali. Sanandifunse kalikonse, anangopita pa menyu pakona, anapeza LibreOffice Writer yekha, nkuyamba kutaipa ndi zala ziwiri za mvula ya m'mapiri, mmene mphepo yonyowa imakwerera phiri nkuzizira nkugwetsa mvula mbali imodzi, zomwe zinkachitika panja pa windo nthawi yomweyo. Atafika pa dzina la dziko lathu ndinamuonetsa batani la Compose lija, analemba Malaŵi katatu motsatizana akuseka, kenako anafufuta awiri. Ndinayang'ana RAM mwakachetechete pa terminal, inali isanafike ndi theka lomwe, fani ili phee.

"Ankolo, ndingaike chithunzi changa kumbuyoku m'malo mwa mbewayi?" Ndinati dina kumanja pa sikirini uone wekha. Anaika chimene anajambula ndi foni ya mayi ake ku Likhubula pa Khirisimasi, madzi akutsika pa miyala, ndipo anati Lolemba akaweruka abwera ndi anzake awiri amene nawonso ali ndi manotsi.